Mfuti zikutulukira khomo liti ku Joni?

Inu a boma la mgwirizano ku South Africa, eni mfuti anakulandirani ndi manja awiri. Chipani cha ANC chitalephera kupeza theka la mavoti pa 29 Meyi 2024, chipani cha DA chinalowa m'boma. Bheki Cele anachoka ku unduna wa apolisi, Senzo Mchunu n'kulowa. Ian Cameron wa DA anakhala wapampando wa komiti yoona za apolisi ku nyumba ya malamulo. Alimi, alenje, makampani a alonda ndi anthu wamba osunga mfuti yodzitetezera anati basi, zinthu zisintha. Zasintha ziti? Tiuzeni chimodzi.

Anthuwa sankapempha zachilendo. Mu Meyi 2021 boma lakale linatulutsa bilu yochotsa kudziteteza pa zifukwa zopezera laisensi ya mfuti. Anthu oposa 100,000 analemba maganizo awo, biluyo inazirala. Ganizo limenelo linafa, kapena langogona? Ngati linafa, bwanji simulengeza maliro ake? Ngati lili moyo, mukuopa chiyani kuliikira kumbuyo poyera? Nduna za m'boma limodzi zingakhale bwanji pa tebulo limodzi, ena akufuna biluyo, ena akuikana, koma osauza dziko kuti agwirizana zotani?

Musanene kuti lamulo lilipoli n'lofewa. Lamulo la mfuti la 2000, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2004, limafuna munthu wa zaka 21. Aphunzire kugwira mfuti, adinde zala, apeze satifiketi yoti ndi woyenera, agule sefa n'kuikhomera kukhoma kapena pansi. Laisensi yodzitetezera imatha pa zaka zisanu, ndipo ayenera kupempha ina kusanakwane masiku 90 omaliza. Akachedwa, mlandu ndi wake. Nanga ofesi yanu ikachedwa, mlandu ndi wa yani?

Aphungu atayendera likulu la kaundula wa mfuti mu nyumba ya Veritas ku Pretoria mu 2021, anapeza mafomu ali milumilu m'makonde, m'nyumba imene inali itanenedwa kale kuti si yoyenera kugwiriramo ntchito. Mu milu imeneyo munali zala za anthu, maadiresi awo, manambala a mfuti zawo. Lero mungatiuze mfuti zonse zovomerezeka zili m'manja mwa yani? Mungatiuze eni ake angati anamwalira, ndipo mfuti zawo zinapita kuti? Ngati kaundula sakudziwa, lamulo latsopano lidzawerenga chiyani?

Tifike pamene mumakhala chete. Mmodzi mwa akuluakulu a polisi, Christiaan Prinsloo, anagulitsa mfuti pafupifupi 2,400 zimene zinayenera kuphwanyidwa, ndipo zambiri zinakathera kwa zigawenga za ku Cape Flats. Apolisi eniake anazilumikiza ku imfa za anthu oposa 1,000, ana ali momwemo. Mu 2016 khoti linamulamula kukhala m'ndende zaka 18. Mu 2020 anali kunja. Mfutizo sizinabedwe m'sefa ya mlimi. Zinatuluka m'nkhokwe ya boma. Munthu mmodzi angatulutse bwanji mfuti zonsezo popanda wosayina, popanda wotsegula geti, popanda wowerenga? Amene ankayenera kuwerenga ali kuti lero? Mwapeza zingati mwa mfutizo? Ukasiyira fisi khola, sungadandaule kuti mbuzi zikuchepa.

Mudzati izo ndi za boma lakale. Chabwino. Mu Julaye 2025 mkulu wa apolisi ku KwaZulu-Natal, Nhlanhla Mkhwanazi, anaima pamaso pa atolankhani n'kunena kuti magulu a zigawenga alowerera m'polisi mpaka kumtunda. Pulezidenti Ramaphosa anapumitsa Mchunu, yemwe anatchulidwa m'nkhaniyo, Firoz Cachalia n'kugwirizira mpando, ndipo komiti ya Madlanga inapatsidwa ntchito yofufuza. Mchunu anakana, ndipo chilungamo chidzaoneka. Koma zimenezi zachitika inu muli pampando. Mukufuna munthu wa ku Mitchells Plain kapena ku Umlazi apereke mfuti yake kwa yani? Akaimba foni usiku, abwera ndani, nthawi yanji?

Eni mfuti nawonso asavine. Chaka chilichonse mfuti zikwizikwi zimasowa kapena kubedwa m'manja mwa anthu wamba, kuposa zimene apolisi amataya. Mfuti yosiyidwa m'galimoto kapena pansi pa pilo imapha chimodzimodzi. Mkazi amene akukhala ndi mwamuna wankhanza sagona tulo chifukwa chakuti mfutiyo ili ndi laisensi. Dziko limene linataya anthu oposa 27,000 ophedwa m'chaka cha 2022/23, pafupifupi 75 tsiku lililonse, silingagulitse mfuti ngati mabanzi. Koma onani chodabwitsa: bungwe la Gun Free South Africa ndi mabungwe a eni mfuti, amene sagwirizana pafupifupi pa chilichonse, onse akuti kaundula ndi wovunda. Adani akagwirizana, inu mukudikira umboni wanji?

Ife tikufunsa chifukwa abale athu ali komweko. Lamulo limapereka satifiketi ya mfuti kwa nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika. Amalawi ambiri ogulitsa m'mashopu, olima maluwa ndi olondera mageti ku Joni alibe mwayi umenewo, ndipo sakuupempha. Iwo ali kutsogolo kwa mfuti, osati kumbuyo. Zikavuta, anzawo amasonkha marandi kuti thupi lifike kumudzi.

Tsono yankhani. Kaundula adzalowa liti yense m'kompyuta? Ndani wakunja kwa polisi adzawerenge mfuti za m'nkhokwe zanu, ndipo zotsatira tidzaziona liti? Wapolisi wotaya mfuti adzachotsedwa ntchito, kapena adzangopatsidwa ina? Kulemba bilu n'kosavuta. Yambani mwawerenga mfuti zanu.