Ndemanga: Lolani nsomba za mu Chilwa ziswane

Palibe mlimi wamisala amene amakolola chimanga chisanamasule, koma ku nyanja ya Chilwa izi ndi zomwe tikuchita ndi nsomba. Ife a nyuzipepala ino tikupempha asodzi, mafumu ndi boma kuti tilemekeze nyengo yotseka nyanja, chifukwa ndiwo ya anthu a ku Phalombe, Zomba ndi Machinga yagona pamenepo.

Nyanja ili ndi nyengo zake ngati munda. Mvula ikayamba, mitsinje ya Phalombe, Sombani ndi Likangala imasefukira, ndipo matemba ndi milamba zimakwera mitsinje ndi kulowa m'madambo kukaswana. Makumba nawo amasunga mazira ndi tiana m'kamwa. Nthawi ya masika tiana timeneti timakulira m'udzu ndi m'mabango, kenaka m'chilimwe madzi akamaphwa msodzi amakolola. N'chifukwa chake lamulo limaletsa makoka mu Chilwa kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Wokoka khoka m'miyezi imeneyi sakupha nsomba imodzi ayi, akupha ndi mbewu yomwe.

Tisaiwale kuti Chilwa si nyanja ya Malawi. Ndi nyanja yosaya, ndipo palibe mtsinje wotulukamo. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anangokhala pamatope ouma. Nthawi zonsezi nsomba zinabwerera chifukwa zina zinapulumukira m'maiwe a m'mitsinje. Mu 1995 mafumu, asodzi ndi a nthambi yoona za nsomba anagwirizana zoteteza maiwewo ndi kuletsa mchitidwe wothira katupe m'madzi. Mvula itabwera, nyanja inadzadzanso ndi nsomba. Apa mpomwe tinaonera kuti mutu umodzi susenza denga.

Mu 1997 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la za nsomba lomwe linapereka mpata woti anthu eni ake azitenga nawo mbali poyang'anira nyanja kudzera m'makomiti a m'madoko. Chilwa inalembedwanso m'gulu la madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar. Imeneyi ndiye demokalase yomwe Amalawi anavotera pa 14 Juni 1993: anthu kukhala ndi mawu pa chuma chawo, osati kungolandira malamulo ochokera ku likulu.

Koma ena anaumva molakwa ufuluwu. Akuganiza kuti ufulu ndiye kukoka khoka tsiku lililonse lomwe afuna, ngakhale kusoka maukonde a udzudzu n'kumasesa nawo tiana ta nsomba tosafika ndi chala chomwe. Ukonde umene unaperekedwa kuti uteteze mwana ku malungo ukumulandanso mwana yemweyo ndiwo ya chaka cha mawa. Kodi umenewu ndi ufulu kapena kudzikumbira dzenje?

Sitikunena kuti msodzi alibe chifukwa. Miyezi yotseka nyanja ndi miyezi yomweyo ya njala, pomwe nkhokwe zili mbee ndipo ana akufuna fizi. Anthu a ku Phalombe akadali ndi zipsera za namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023. Munthu wotere kungomuuza kuti "lamulo likuletsa" sikokwanira. Boma ndi mabungwe aonetsetse kuti ntchito za chitukuko zolipira ndi chithandizo cha chakudya zikufika m'madoko monga Swang'oma ndi Mpoto m'miyezi imeneyi, osati nyanja itatsegulidwa kale.

Chachiwiri, lamulo lisaone nkhope. Ngati alanda ukonde wa mmphawi, alandenso khoka la bwana wa mabwato ambiri. Komiti ya padoko isankhidwe poyera ndi asodzi eni ake, amayi oyanika ndi kugulitsa nsomba akhalemo, ndipo ndalama za chindapusa ziwerengedwe pamaso pa anthu. Komiti yodyera m'thumba idzapha nyanja msanga kuposa chilala.

Pomaliza, kwa aphungu ndi makhansala a m'mbali mwa nyanjayi tikuti: musamaope kunena chilungamo poopa kutaya mavoti. Mvula sitingailamule, koma khoka lili m'manja mwathu. Miyezi itatu yodikira si yambiri poyerekeza ndi zaka za doko lopanda nsomba.