Mlatho wa pa njanji usaiwale njinga ya makala

Abale athu a m'midzi ya m'malire, lero tikambirane nkhani yooneka ngati ya anthu a m'tauni okha, koma ikukhudza tonsefe. Ku Moatize anthu ambiri amagona mbali ino ya njanji, pomwe msika, chigayo kapena sukulu ya ana awo ili mbali inayo. Tsiku ndi tsiku amadumpha njanji wapansi, ena akukankha njinga. Ife a tsamba lino tikuti nthawi yakwana yoti pakhale mlatho wa anthu oyenda pansi ndi a njinga, ndipo mlathowo ulinganizidwe pomvera anthu amene adzayendepo.

Tikumbutsane kumene tachokera. Njanji ya Sena, yochokera ku Beira kufika ku Moatize, ndi yotalika makilomita oposa 500. Inaleka kugwira ntchito m'zaka za m'ma 1980 chifukwa cha nkhondo. Mtendere unabwera mu 1992, anthu anabwerako ku Malawi kumene anathawira, koma sitima sinabwere msanga. Kwa zaka zoposa 20 panjanji panamera udzu, anthu napondapo tinjira tawo, ana nakula osadziwa kulira kwa sitima. Mu 2011 sitima zonyamula malasha zinayamba kupita ku Beira. Mu 2017 anatsegula mwamwambo njanji ina yodzera m'Malawi mpaka ku doko la Nacala, mtunda woposa makilomita 900. Sitima zinabwerera, koma tinjira tija tilipobe.

Sitima si galimoto. Singakhote kuti ilewe munthu. Sitima ya malasha ikhoza kukoka mabogi oposa 100, ndipo popeza mawilo ake ndi achitsulo oyenda pa chitsulo, woyendetsa akagwira mabuleki imathabe kuyenda mtunda wokwana kilomita isanaime. Choopsa china ndi sitima yoima. Ikatseka njira kwa nthawi yaitali, mwana wochedwa kusukulu amakwawa pansi pa bogi, mayi amakwera pa cholumikizira ali ndi mwana kumsana. Sitima ikangosuntha, basi maliro. Chakudza sichiimba ng'oma.

Tsono mlatho wake ukhale wotani?

Choyamba ndi malo. Akatswiri asasankhe malo atakhala mu ofesi ndi mapu okha. Apite m'mamawa ndi madzulo akawerenge anthu pamene akudutsa kale. Njira yopondedwa ndi mapazi sinama. Mlatho ukaikidwa kutali ndi njira imeneyi, anthu adzauyang'ana ndi maso n'kupitiriza kudumpha njanji, ndalama zitapita pachabe.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, mlathowo usakhale wa masitepe okhaokha. Kuno kwathu njinga si yosewerera. Imanyamula matumba a makala, nkhuni, chimanga chopita kuchigayo, zigubu za madzi, mbuzi, ngakhale wodwala. Bambo amene wamanga matumba atatu a makala sangakwere nawo masitepe. Gogo wa ndodo, mayi woyembekezera ndi munthu wolumala woyenda pa njinga ya manja nawonso sangathe. Pafunika chitunda chokwera pang'onopang'ono. Tiyerekeze kuti mlatho wakwera mamita 6 kuti sitima idutse pansi. Ngati pa mamita 12 aliwonse njira ikukwera mita imodzi, ndiye kuti chitundacho chitalika mamita 72 mbali iliyonse. Malo oterewa ayenera kusungidwa lero, anthu asanamangepo nyumba ndi tigolosale, kuopa kuti mawa pangadzakhale kugwetserana nyumba ndi milandu ya chipukuta misozi.

Chachitatu, ukhale wotambasuka moti njinga ziwiri zonyamula katundu zithe kupatukirana, ndipo pakhale magetsi. Mlatho wa mdima umasanduka pobisalira akuba, ndipo amayi ndi atsikana adzauthawa. Ena anganene kuti bwanji osakumba njira yodutsa pansi pa njanji. Imeneyi ndi yosavuta kukankhamo njinga, n'zoona, koma mvula ya mu Januwale ndi Febuluwale ikhoza kuisandutsa dziwe ngati palibe ngalande zochotsa madzi.

Chitsanzo tili nacho m'chigawo chathu chomwe chino. Mlatho wa Dona Ana, wolumikiza Mutarara ndi Sena pa mtsinje wa Zambezi, unamalizidwa cha m'ma 1935 ndipo ndi wotalika makilomita oposa atatu ndi theka. M'mbali mwa njanji muli kanjira ka anthu oyenda pansi ndi a njinga. Sitima imadutsa pake, anthu pawo. Ngati zinatheka pa Zambezi, zingalephereke bwanji pa njanji ya mamita ochepa?

Nanga ndalama? Ena amati boma lili ndi zambiri zofunika, monga mijigo, mankhwala ndi misewu. Sitikukana. Koma malasha amene amadutsa pamenepa amapita kunja kukagulitsidwa ndalama zambiri. N'koyenera kuti makampani okumba malasha, eni njanji kuphatikizapo CFM, ndi khonsolo ya mzinda akhale pansi agawane mtolo. Agwirizanenso pa pepala za amene azidzakonza magetsi akathima kapena zitsulo zikachita dzimbiri, chifukwa chinthu chopanda mwini sichikhalitsa.

Inu a ku Zóbuè, Tsangano ndi Angónia, musanene kuti izi n'za eni tauni. Kachewere, kabichi ndi tomato wanu amagulitsidwa m'misika ya ku Moatize ndi ku Tete, ndipo ana anu ena akuphunzira kapena kugwira maganyu kumeneko. Komanso njanji yopita ku Malawi imadula minda ndi njira za ziweto m'midzi ina ya boma la Moatize. Mukamva kuti kuli msonkhano wokambirana za malo odutsira njanji, pitaniko. Uzani anyakwawa, mafumu ndi alembi a mabairo kuti akayankhule m'malo mwanu. Amayi nawonso ayankhule, pakuti ndiwo amasenza mitolo.

Podikira mlathowo, tiphunzitse ana athu kuima, kuyang'ana uku ndi uku, ndi kumvetsera asanadumphe njanji. Pansi pa bogi asakwawepo, ngakhale belu la sukulu litalira. Madzi akatayika saoleka.