ASILIKALI AGANYU A M'KANEMA

Mwezi uno tikambirane za mtundu wina wa kanema umene anyamata athu aukonda kopambana, ndiwo wa asilikali aganyu, anthu amene amenya nkhondo ya eni ake chifukwa cha malipiro.

Wotchuka pa onse ndi The Expendables, amene anatuluka m'chaka cha 2010, natsatidwa ndi ena atatu mu 2012, 2014 ndi 2023. Dzinalo litanthauza anthu amene ngakhale atafa, wowatuma sataya nawo tulo. Woyendetsa kanema woyambayo anali Sylvester Stallone, yemwe uja tidamdziwa monga Rambo, ndipo pamenepo anali ndi zaka 64. Iye anasonkhanitsa ngwazi zinzake monga Dolph Lundgren, Jet Li, Arnold Schwarzenegger ndi Bruce Willis. Mu 2012 anaonjezapo Chuck Norris, wa zaka 72, ndi Jean-Claude Van Damme.

Nzeru ya amalonda pamenepa njoonekeratu. Mnyamata amene ankachemerera Rambo m'zaka za m'ma 1980 lero ndi bambo wa ndalama zake m'thumba, ndipo akaona nkhope zakalezo pamodzi, mtima wake ukhala ngati wakumana ndi anzake a ku ubwana. Tsono kanema mmodzi akola mibadwo iwiri, atate ndi mwana.

Sitikana kuti mulinso zokoma. Amunawa sasiya mnzao pa tsoka, ndipo aonetsa kuti munthu wa imvi si wotayidwa kudzala. Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chifukwa nkhope zao tizikonda kale, tiiwala kufunsa za ntchito imene agwira. Adani ao agwa mazanamazana, opanda dzina, opanda maliro, opanda mkazi wamasiye wowalira. Mwana akaonera zotere kawirikawiri, ayamba kuyesa kuti kupha munthu chifukwa cha ndalama ndi ganyu monga kulima m'munda mwa wina.

Ife a mu Africa tiyenera kuchenjera koposa ena, pakuti asilikali aganyu enieni anapondapo pa nthaka yathu. Mu 1978 kunatuluka kanema wina wa mtundu womwewu, The Wild Geese, mmene Richard Burton, Roger Moore ndi Richard Harris, amuna achikulire, atumidwa ndi munthu wachuma wa ku London kukapulumutsa mtsogoleri wa dziko lina la mu Africa, pamene mtima wa wowatumayo uli pa migodi ya mkuwa. Mlangizi wa za nkhondo pa kanemayo anali Mike Hoare, amene anatsogolera asilikali aganyu ku Congo mu 1964 ndi 1965.

Tamvani chimene chinachitika patapita zaka zitatu. Mu November 1981 Hoare yemweyo, ali ndi zaka 62, anafika ku zilumba za Seychelles ndi amuna oposa 40, akudzionetsa ngati alendo odzacheza. M'zikwama mwao munali zidole za ana pamwamba, mfuti pansi, ndipo cholinga chinali kugwetsa boma. Mfuti imodzi itapezeka pa bwalo la ndege, kunabuka kuomberana, ndipo ambiri a iwo anathawa polanda ndege ya Air India kunka ku Durban. Mu 1982 bwalo la milandu la ku South Africa linamlamula kukhala m'ndende zaka 10. Ena zinawathera moipa koposa: ku Luanda mu 1976 asilikali aganyu 13 anazengedwa mlandu, ndipo anai mwa iwo anaphedwa. Nchifukwa chake maiko a mu Africa, atakumana ku Libreville mu 1977, anapangana kuthetsa khalidwe limeneli.

Tsono tichite chiyani? Kuletsa kokha sikuthandiza, pakuti mwana woletsedwa kwao akaonera kwa mnzake. Chofunika ndi kukhala naye pansi kanema atatha ndi kumfunsa mafunso atatu. Anawatuma amunawa ndani? Wowatumayo afuna kupindula chiyani? Nanga aja anagwa aja analibe amai ao? Mwana amene waphunzira kufunsa chotere savuta kumsiya yekha ndi kanema.

Ndipo inu achinyamata, dziwani kuti Stallone ndi anzake ndi ochita sewero chabe, ndipo ngakhale sewerolo lili ndi mtengo wake. Stallone anavulala khosi pojambula kanema woyamba mpaka anachitidwa opaleshoni, ndipo pojambula wachiwiri ku Bulgaria mu 2011 munthu wina wochita mbali zoopsa anafa ndithu. Ngati nkhondo yongoyerekeza itenga moyo, kuli bwanji yeniyeni? Msilikali woteteza dziko lake timlemekeza, koma wogulitsa mfuti yake kwa aliyense wolipira bwino musamuyese ngwazi, ngakhale atavala nkhope ya Rambo.