Nsomba sizifa ndi njala ya sabata imodzi

Mlimi wa nsomba ku Chitipa akamva za maliro ku Isoka m'dziko la Zambia, kapena akamanyamuka kukagulitsa fodya ku okushoni ku Mzuzu, mtima umatsalira padziwe. Nanga nsombazi azidyetsa ndani? Ena amangonyamula thumba la madeya n'kukhuthulira m'madzi, ati nsomba zizidya pang'onopang'ono mpaka iwo atabwera. Chifundo chotere ndicho chimapha nsomba.

Nkhawayi si ya ku Misuku kapena ku Nthalire kokha. Ku Ulaya ndi ku America anthu amaweta mbuna za m'nyanja ya Malawi m'magalasi, m'nyumba zawo, pofuna kukongoletsa pabalaza. Akamapita kutchuthi, ena amagula timiyala toyera tomwe amatiponya m'madzi. Timiyalati timawumbidwa ndi pulasitala wosakaniza ndi chakudya, ndipo timasungunuka pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Koma odziwa zoweta nsomba amatikayikira. Kamwala sikadziwa ngati nsomba zakhuta kapena ayi. Kamangosungunukabe, zotsala n'kumawolera pansi, madzi n'kuwonongeka.

Thumba la madeya m'dziwe limachita chimodzimodzi. Nsomba zimadya zomwe zingathe, otsalawo amamira. Akamawola amatha mpweya wa m'madzi womwe nsomba zimapuma. Vuto limakula m'bandakucha, chifukwa usiku wonse zomera za m'madzi zimakhala zisakupanga mpweya. Mlimi akaona nsomba zikuyasamula kukamwa pamwamba pa madzi m'mamawa, asaganize kuti zikupempha chakudya. Zikubanika.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti nsomba yaikulu yathanzi imatha sabata osadyetsedwa, osafa. Makumba aakazi amafungatira mazira m'kamwa kwa masiku ambiri osadya kwenikweni, ndipo mbuna zimatero pafupifupi masabata 3. Komanso Chitipa ndi dera lokwera. M'miyezi ya Juni ndi Julayi madzi amazizira, ndipo nsomba zimadya pang'ono kwambiri. Kuthira madeya ambiri nyengo imeneyi n'kungotaya chakudya chomwe chikanathandiza nkhuku ndi nkhumba.

Dziwe lilinso ndi mwayi womwe galasi la m'nyumba lilibe: limadzipangira lokha chakudya. Mlimi amene amathira ndowe kapena zitosi za nkhuku moyenera, madzi ake amabiriwira ndi tizomera ting'onoting'ono tomwe makumba amadya. Kuyesa kwake n'kosavuta. Alowetse mkono m'madzi mpaka m'chigongono. Ngati chikhatho chikungooneka mwa apo ndi apo, ndiye kuti zili bwino. Ngati chikuzimiririka mkono usanalowe kwambiri, manyowa achuluka, asawonjezere. Chilinguni nacho chimakonda masamba a mbatata, chinangwa kapena maungu, koma akhale ochepa.

Wina anena kuti nsomba yosadya sikula, ndipo akunena zoona. Koma kuchedwa kukula kwa sabata imodzi n'kwabwino kusiyana ndi kupeza dziwe lonse litayandama. Zomwe sizingadikire ndi timbewu ta nsomba tomwe tangoikidwa kumene, chifukwa timafuna kudya tsiku ndi tsiku.

Choncho ngati ulendo uli wautali, kapena m'dziwe muli timbewu, pafunika munthu. Mlimi apemphe mnansi kapena mnzake wa m'kalabu, amuyezeretu chakudya cha tsiku lililonse m'timapepala kapena m'zitini, chifukwa wongothandiza amakonda kuthira mopyola muyeso. Munthuyo adzaonanso zomwe thumba la madeya silingaone: mgula wotsekeka, khoma lomwe layamba kudontha, katumbu ndi ng'azi zomwe zazolowera njira, ngakhalenso akuba obwera ndi ukonde usiku.

Alangizi a zansomba m'bomali akamaphunzitsa kadyetsedwe, asaiwale phunziro ili la pochoka pakhomo. Mlimi amene wakumba dziwe ndi khasu, n'kudikira miyezi 6 kapena kuposera apo kuti akolole, sayenera kutaya zonse chifukwa cha ulendo wa masiku 5.