Kodi mtsogoleri wogonja pachisankho ayesenso? Funso la a Chakwera ndi MCP pofika 2030

LILONGWE — Chisankho cha pa 16 September 2025 chidasiya chipani cha Malawi Congress Party (MCP) ndi funso lomwe zipani zambiri mu Africa zakhala zikulimbana nalo: kodi mtsogoleri yemwe anthu amuchotsa pampando ndi mavoti ayenera kudzaimanso, kapena apereke mpata kwa ena?

Malinga ndi zotsatira zomwe bungwe loyendetsa chisankho la MEC lidalengeza pa 24 September, a Peter Mutharika a chipani cha DPP adapeza mavoti 56.8 pa 100 aliwonse, pomwe a Lazarus Chakwera adapeza mavoti 33 pa 100 aliwonse. A Chakwera adavomereza kugonja zotsatirazo zisanatuluke, ndipo ulamuliro udasintha mwabata.

Omwe angafune kuti a Chakwera adzaimenso mu 2030 ali ndi chitsanzo chapafupi. A Mutharika nawo adagonja pachisankho chachibwereza cha pa 23 June 2020, adakakhala kunyumba kwawo ku Mangochi, ndipo patatha zaka zisanu adabwerera m'boma ali ndi zaka 85. Ngakhale manambala akufanana: mu 2020 a Mutharika adapeza mavoti oposa pang'ono 1.7 miliyoni, chimodzimodzinso a Chakwera mu 2025. Komabe mbiri ya zisankho kuno ndi m'maiko oyandikana nafe ikuonetsa kuti kubwerera kotere kumadalira zinthu zitatu, ndipo chifuniro cha mwini wake sichikwanira.

Choyamba ndi lamulo. Gawo 83 la malamulo oyendetsera dziko lino limalola mtsogoleri kulamulira nthawi ziwiri zotsatizana za zaka zisanu. Gawoli ndi lomwe lidatsekereza a Bakili Muluzi mu 2009, pomwe MEC idakana kalata zawo ndipo khoti lidagwirizana nayo. Ku Zambia, a Kenneth Kaunda, omwe adagonja mu 1991, adalephera kuima mu 1996 boma litasintha malamulo kuti woimira akhale yemwe makolo ake onse ndi a m'dzikomo. Makolo a a Kaunda adachokera kuno ku Malawi. A Edgar Lungu, omwe adagonja mu 2021, adalengeza zobwerera m'ndale mu 2023, koma mu December 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dzikolo lidagamula kuti adalamulira kale kawiri. Pa mfundo iyi a Chakwera alibe chowatchinga, popeza adalamulira kamodzi kokha.

Chachiwiri ndi chipani. Mtsogoleri akachoka m'boma, ambiri mwa omwe ankamuzungulira amatsata komwe kwapita ulamuliro. Izi zidaoneka bwino ndi a Joyce Banda. Atagonja mu 2014, pomwe adakhala pa nambala yachitatu ndi mavoti pafupifupi 20 pa 100 aliwonse, adakakhala kunja kwa dziko lino mpaka mu 2018. Pobwera adapeza chipani cha PP chitafooka, akuluakulu ena atalowa zipani zina. Mu 2019 sadaime, ndipo ataima mu 2025 sadafike ngakhale mavoti 2 pa 100 aliwonse. A Mutharika adachita mosiyana. Adakhalabe m'dziko muno, adagwiritsitsa utsogoleri wa DPP ngakhale mudali kukokanakokana mpaka a Kondwani Nankhumwa kuchotsedwa m'chipanimo mu 2024, ndipo msonkhano waukulu wa chipanicho mu August chaka chomwecho udawavomereza popanda wopikisana nawo. Chigawo chakummwera, komwe kuli mphamvu za DPP, sichidawataye.

MCP nayo ili ndi phata lake m'chigawo chapakati, ndipo idakhala zaka 26 kunja kwa boma, kuchokera 1994 mpaka 2020, osasweka kotheratu. Koma phata lokha silipambanitsa munthu chikhazikitsireni lamulo lakuti wopambana apeze mavoti oposa theka. A Gwanda Chakuamba ndi a John Tembo, aliyense adayesa kawiri kulowa m'boma koma osaphula kanthu, chifukwa mavoti awo sadafalikire mokwanira m'zigawo zonse. A Chakwera adapambana mu 2020 kudzera mumgwirizano wa Tonse, momwe mudali a Saulos Chilima ndi chipani cha UTM. A Chilima atamwalira pangozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 June 2024, UTM idatuluka mumgwirizanowo, ndipo MCP idalowa chisankho cha 2025 ilibe mnzake wamphamvu. Aliyense wofuna kudzaimira chipanichi ayenera kusonyeza momwe adzapezere mavoti akumpoto ndi kummwera.

Chachitatu, chomwe chili chachikulu koposa, sichili m'manja mwa wogonjayo: ndi momwe boma lomulowa m'malo likuyendetsera chuma. Amalawi ambiri adavotera a Mutharika poyerekeza moyo wa nthawi ziwirizi. Mu ulamuliro wa a Chakwera ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mafuta agalimoto ndi ndalama zakunja zidasowa, mitengo ya chimanga ndi fetereza idakwera, ndipo namondwe wa Freddy mu 2023 ndi chilala cha 2024 zidaonjezera mavuto. Zomwezi zidachitika ku Ghana, komwe a John Mahama adachotsedwa pampando mu 2016, adagonjanso mu 2020, koma adapambana mu December 2024 chuma cha dzikolo chitalowa pansi mu ulamuliro wa omwe adawalowa m'malo.

Apa ndipo pali kusiyana pakati pa wogonja yemwe sadalamulirepo ndi yemwe adalamulira. A Hakainde Hichilema adagonja kasanu ku Zambia asanapambane mu 2021, koma nthawi zonsezo ankagulitsa malonjezo chabe. Mtsogoleri wakale amayenda ndi mbiri ya ntchito zake, ndipo anthu amamuweruza ndi zomwe adaona ndi maso. A Chakwera akadzaima mu 2030, ali ndi zaka 75, adzayenera kuyankha za mizere yapamalo omwetsera mafuta ndi mtengo wa thumba la chimanga. Komanso a Mutharika adzakhala ndi zaka 90, kotero nkutheka kuti DPP idzaimitsa munthu watsopano, zomwe zingasinthe mpikisano wonse.

Choncho lamulo likuwalola a Chakwera kuyesanso, koma chiganizo chenicheni chili m'manja mwa nthumwi za MCP. Chofunika nchakuti chipanichi chiunike poyera zifukwa zomwe chidagonjera, ndi kuchititsa msonkhano waukulu momwe aliyense wofuna utsogoleri adzapikisane mwaufulu. Mtsogoleri wakale akapambana pampikisano wotere, kubwerera kwake kumakhala ndi maziko. Akabwerera chifukwa ena atsekerezedwa, chipani chimagawikana monga zidachitikira PF ku Zambia, ndipo dziko limataya mbali yotsutsa yamphamvu yomwe imafunika poyang'anira ntchito za boma m'Nyumba ya Malamulo.