Tebulo Lopanda Nsalu Pakati pa Nyanja

Kumapeto kwa chaka cha 2013, kampani ya Carnival Cruise Line ya ku Miami, m'dziko la United States, idayamba kusintha kadyedwe ka madzulo m'sitima zake zapamadzi zonyamula anthu okasangalala. Idabweretsa mndandanda watsopano wa zakudya umene idautcha American Table, ndipo pamodzi ndi mndandandawo idachotsa nsalu zoyera zimene zinkayalidwa pamatebulo m'zipinda zodyera. Nsalu zidatsalira masiku ochepa okha a paulendo pamene alendo amatchena kupita kukadya. Papita zaka zoposa 10, koma mkangano wake sudazirale. Ena amati munthu sangalipire ndalama zankhaninkhani n'kumakadyera pa tebulo lamaliseche ngati ali pachiimirire. Ena amati nsalu sathira mchere m'ndiwo. Pamene akukangana choncho, makampani ena sadasinthe kanthu: mu Queen Mary 2, sitima ya kampani ya Cunard imene imawoloka nyanja ya Atlantic pakati pa Southampton ndi New York, chakudya chamadzulo m'chipinda chachikulu chodyera chimabwerabe pa nsalu yoyera yositidwa bwino.

Mwina mukudabwa kuti nkhani ya anthu oyandama panyanja yalowa bwanji m'danga lathu lino la zaumoyo ndi zapakhomo. Si yakutali monga mmene ikumvekera. Sitima za MSC Cruises zimanyamuka pa Durban nyengo yotentha kupita kugombe la Mozambique, ndipo achinyamata ambiri a kuno kumwera kwa Africa amafunafuna ntchito yoperekera zakudya kapena yochapa m'sitima zoterezi. Komanso funso limene lili pansi pa mkanganowu ndi lomwe mayi aliyense amakumana nalo pa tebulo lake: kodi chinthu chikaoneka choyera ndiye kuti n'chaukhondo?

Tiyambe ndi kuipatsa ulemu wake nsaluyi, pakuti panyanja idali ndi ntchito yeniyeni. M'sitima zakale, namondwe akauka, mbale ndi matambula zinkatsetsereka patebulo n'kukaswekera pansi, supu n'kukhuthukira pamiyendo ya anthu. Operekera zakudya anali ndi nzeru yake: ankawaza madzi pansalu ya patebulo kuti inyowe pang'ono, ndipo mbale inkamatirira pomwe aiikapo. Matebulo ambiri analinso ndi timatabwa ta m'mphepete timene ankatitukula nyanja ikawinduka. Sitima za masiku ano zili ndi zitsulo zonga zipsepse za nsomba zimene zimatuluka m'mbali pansi pa madzi n'kuchepetsa kupendekeka, choncho masiku ambiri mbale zimakhala bata popanda thandizo la nsalu yonyowa. Ntchito yakaleyo idachepa, nsalu idatsala ngati chovala cha tebulo.

Tsopano tifike pa ukhondo, pomwe pagona nkhani. Matenda amene eni sitima amawaopa kwambiri ndi otsegula m'mimba ndi kusanza obwera ndi kachilombo kotchedwa norovirus. Dzinali lidachokera ku tauni ya Norwalk, m'chigawo cha Ohio, kumene kadadwalitsa ana a sukulu mu 1968. Munthu akakatenga amayamba kudwala pakatha maola 12 mpaka 48, ndipo ambiri amachira m'masiku 1 mpaka 3, koma kwa okalamba ndi ana aang'ono kutha madzi m'thupi kumatha kufika poipa. Kachilomboka n'kokanika. Tizilombo tochepa kwambiri timakwanira kudwalitsa munthu, kamakhala masiku ambiri pa zitseko, pa zogwirira za masitepe ndi pa matebulo, ndipo mankhwala opaka m'manja okhala ndi spiriti sakagonjetsa bwino. Chimene chimakachotsa m'manja ndi sopo ndi madzi, kusamba mofikapo kwa masekondi osachepera 20. Pamalo olimba amagwiritsa ntchito klorini wosungunula mwamphamvu ndithu. Kunena chilungamo, kachilomboka kamavuta kwambiri kumtunda, m'nyumba zosungira okalamba, m'sukulu ndi m'zipatala, kuposa m'sitima. Za m'sitima zimamveka kwambiri chifukwa zimawerengedwa ndi kulengezedwa.

Amene amawerenga ndi bungwe la zaumoyo la ku United States la CDC, kudzera mu ndondomeko yake ya Vessel Sanitation Program imene idayamba m'zaka za m'ma 1970. Oyendera amakwera sitima mosachenjeza, amayang'ana madzi akumwa, khitchini, mafiriji, maiwe osambiramo ndi kasungidwe ka zakudya, kenaka amapereka malikisi pa 100. Sitima yopeza 85 kapena kutsika pamenepo yalephera. Anthu odwala m'mimba akafika 3 pa 100 aliwonse mwa alendo kapena mwa antchito, nkhaniyo imalengezedwa poyera. Chimene ndikufuna muone n'chakuti sitima zoyala nsalu ndi zosayala zonse zimakhoza mayeso amenewa, ndipo zonse zimatha kugwidwa ndi matendawa. Nsalu payokha siteteza munthu, ndiponso siimudwalitsa.

Nsalu yochapidwa m'madzi otentha kwambiri n'kuumitsidwa ndi kusitidwa ndi makina imatuluka yaukhondo zedi. Malangizo a CDC a kuchapa kwa m'zipatala amatchula madzi a madigiri 71 kwa mphindi 25, ndipo kutentha koteroko si kwamasewera. Ngati gulu lililonse lobwera kudzadya likuyaliridwa nsalu yatsopano, palibe chodandaula. Vuto limayamba chipinda chikadzaza, anthu ali pamzere pakhomo, woperekera zakudya ali ndi matebulo angapo oti akonze m'mphindi zochepa. M'malo ambiri odyera padziko lapansi amayala nsalu ziwiri, yaikulu pansi ndi yaing'ono pamwamba, ndipo amasintha yapamwamba yokha. Yapansiyo, imene m'mphepete mwake mumalendewera pamaondo ndipo ana amapukutirako zala, imatha kukhala pomwepo usiku wonse. Nsalu ikakhala yopanda banga, diso limakhutira, ndipo palibe amene amafunsa ngati thabwa la pansi pake lapukutidwa. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tebulo lopanda nsalu silibisa kanthu. Dontho la msuzi likuoneka, ndipo tebulo likhoza kupoperedwa mankhwala pakati pa gulu lina ndi lina, chinthu chimene simungachite pansalu. Koma nalonso lili ndi msampha wake, womwe ndi kansanza kopukutira. Kansanza kamodzi konyowa kakazungulira matebulo 20, ndiye kuti kakusamutsa dothi la tebulo loyamba kuligawira ena onse. Mankhwala ophera tizilombo amafunanso nthawi yokhala pamalopo asanapukutidwe. Kupopera n'kupukuta nthawi yomweyo n'kungonyowetsa tebulo. Palinso dandaulo limodzi la okonda nsalu limene ndimalimva bwino: foloko ndi sipuni zimene mukuika m'kamwa zisagone pa tebulo lenilenilo. Yankho lake ndi losavuta, kuzikulunga m'kansalu kopukutira pakamwa kapena kuziika pambale, ndipo malo odyera osamala amachita zimenezi kale.

Zoopsa zenizeni m'chipinda chodyera n'zimene manja ambiri amagwira: chipande chotengera mpunga pamalo odzitengera wekha chakudya, kabotolo ka mchere, buku la mndandanda wa zakudya, nsana wa mpando. N'chifukwa chake matenda akabuka m'sitima, antchito amayamba kugawa okha chakudya ndipo timabotolo ta mchere timachotsedwa patebulo. Sitima zambiri zatsopano zidaika mabeseni osambira m'manja pakhomo penipeni pa malo odyera. Beseni limenelo likugwira ntchito yaikulu kuposa nsalu zonse za m'sitimamo.

Ngati pa ukhondo mbali ziwirizi zikulingana, tiyang'ane mtengo wa nsaluyo, ndi amene amaulipira. Sitima ya Icon of the Seas ya kampani ya Royal Caribbean, imene idayamba maulendo ake mu Januwale 2024, ikhoza kunyamula alendo pafupifupi 7,600 ndi antchito oposa 2,000. Tiyeni tingowerengera pamodzi. Theka lokha la alendo otere litadya m'chipinda chachikulu, anayi anayi pa tebulo, ndiye kuti nsalu 950 usiku umodzi, ndipo pa ulendo wa masiku 7 zikukwana 6,650. Apa sitinawerengere timsalu topukutira pakamwa, mashiti a pabedi ndi matawulo. Pakati pa nyanja palibe mjigo. Madzi ambiri abwino a m'sitima amapangidwa momwemo pochotsa mchere m'madzi a m'nyanja, mwina powawiritsa n'kutenga nthunzi yake, mwina powakankha mwamphamvu kudutsa m'sefa zapadera, ndipo njira zonse ziwiri zimadya mphamvu yochokera ku mafuta. Kenaka madziwo atenthetsedwe, makina azungulire, nsalu ziumitsidwe, zisitidwe. Madzi a sopo otsalawo ayenera kusefedwa kapena kutayidwa, ndipo pangano la mayiko la MARPOL loteteza nyanja, lomwe limakhwimitsa za zimbudzi ndi mafuta, silidaike malamulo ofanana pa madzi ochapira. Madera ena, monga Alaska, adachita kudziikira malamulo awoawo.

Ndipo pali anthu. Kochapira kumakhala pansi penipeni pa sitima, kumene kulibe zenera, kotentha ndi kwaphokoso, ndipo makina sapuma kwenikweni. Antchito a m'sitima amasaina makontirakiti a miyezi ingapo, nthawi zambiri 6 mpaka 9, akugwira ntchito tsiku lililonse. Pangano la Maritime Labour Convention la 2006 limati wantchito wapanyanja apume maola osachepera 10 pa maola 24 aliwonse, ndi maola osachepera 77 pa masiku 7. Mukachotsera nokha muona kuti lamulo likulola munthu kugwira ntchito mpaka maola 14 patsiku. Ambiri mwa iwo ndi ochokera ku Philippines, Indonesia ndi India, ndipo amatumiza ndalama kwawo monga amachitira abale athu a ku Joni. Mlendo amene waona nsalu yoyera mbee sadzamuona dobi amene waichapa.

Komabe tisawaombere m'manja msanga makampaniwa. Madzi ndi mafuta zikapulumuka, ndalama nazonso zapulumuka, ndipo palibe chotsimikizira kuti phindulo limafika kwa wochapa uja ngati mpumulo kapena kwa mlendo ngati tikiti yotsika mtengo. Kampani ikamanena za chilengedwe, ine ndimavomereza kuti n'zoona, koma ndimadziwanso kuti owerengera ndalama adavomereza poyamba. Mlendo wodandaula kuti akulandira zochepa pa mtengo womwewo sakulakwa.

Pali chinthu chimodzi chimene nsalu imachita chimene sichitchulidwa kawirikawiri, ndipo kwa ine ndicho chifukwa champhamvu kwambiri choisungira. Nsalu imameza phokoso. Chipinda cha anthu mazana ambiri, mipeni ndi mafoloko zikugunda mbale, mbale zikugunda tebulo lolimba, mawu akubwerera kuchokera paliponse, chimasanduka ngati msika wa Limbe masana. Wachinyamata amangokweza mawu. Koma agogo amene makutu adayamba kulemera, makamaka ovala kachipangizo kothandiza kumva kamene kamakweza phokoso lonse pamodzi, amasiya kutsatira zokambirana. Amamwetulira, amagwedeza mutu, kenaka amangoti zii n'kumayang'ana mbale yawo. Alendo ambiri a m'sitima zimenezi ndi achikulire, ndipo ena adasunga ndalama zaka zambiri kuti adye pamodzi ndi ana ndi zidzukulu. Kukhala pakati pa banja lako koma osamva chimene likuseka si nkhani yaing'ono pa umoyo wa munthu. Anthu amadyanso modekha pamalo abata, ndipo kudya modekha n'kwabwino m'mimba.

Tsono ine ndaima pati? Ndikuona kuti kuyala nsalu pa tebulo lililonse usiku uliwonse m'sitima ya anthu masauzande n'kuwononga madzi, mafuta ndi misana ya anthu pa chinthu chimene sichiwonjezera ukhondo. Masiku wamba tebulo likhale lopanda nsalu, koma likhale losalala, losamwa madzi, lopukutidwa ndi kansalu katsopano ndi mankhwala opatsidwa nthawi yake, ziwiya zodyera zitakulungidwa. Kampani imene yachotsa nsalu ili ndi ngongole ya phokoso, ndipo iibweze poika makapeti, makatani ndi denga lomeza mawu, komanso popatula mbali ina yabata ya achikulire. Usiku umodzi kapena uwiri wapadera paulendo nsalu ibwerere, yatsopano kwa gulu lililonse. Ikamaoneka mwa apo ndi apo imanena kanthu, monga zimakhalira kunyumba pamene mayi atulutsa m'sutikesi nsalu yopeta ija chifukwa kwabwera apongozi, ndipo ana amadziwa okha kuti lero sitidya mothamanga.

Kwa inu amene mwakonza zokwera sitima pa Durban kapena kwina kulikonse, musataye nthawi kukangana ndi woperekera zakudya za nsalu, pakuti si iye adapanga lamulolo. Pitani pabeseni musanakhale pansi, ndipo mukadzitengera nokha chakudya ndi chipande chimene agwira anthu ambiri, sambaninso musanagwire buledi ndi manja. Mukayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba, dziwitsani achipatala a m'sitimamo nthawi yomweyo, khalani m'chipinda chanu, ndipo muzimwa madzi pafupipafupi, makamaka a thanzi ORS ngati alipo. Ngati muli ndi agogo, pemphani tebulo la pakona kapena la m'mbali mwa khoma, kutali ndi khomo la kukhitchini, ndipo muwakhazike nsana wawo utayang'ana kukhoma kuti aziona nkhope za onse amene akulankhula.