Kalata kwa Mkonzi: Kutentha kwa M'nthaka Sikudalira Akasupe

A Mkonzi,

Mlembi wanu wa mwezi watha akuti kufunditsa nyumba ndi kutentha kwa m'nthaka n'kotheka ku Iceland kokha, kapena pafupi ndi akasupe otentha ngati a ku Chiweta. Pepani, bambowa asokoneza zinthu.

Ine ndimakhala kunja kwa mzinda wa Leeds, ndipo kuseri kwa nyumba yanga kulibe kasupe, komabe ndimafunditsa nyumbayi ndi kutentha kwa m'nthaka. Amisiri anakumba ngalande zakuya kuposa mita imodzi, n'kuyalamo mapaipi apulasitiki odzaza madzi osakaniza ndi mankhwala oletsa kuundana. Panja pakachita chisanu, nthaka yapansiyo imakhalabe yofundirako. Makina olumikizidwa ku mapaipiwo amagwira ntchito ngati firiji: amakoka kutentha pang'onoko, n'kukukweza, n'kukutumiza m'zipinda. Yuniti imodzi ya magetsi imabweza mayuniti atatu kapena anayi a kutentha. Nyengo yotentha, makina ena amatha kubweza kutentha kwa m'nyumba kupita m'nthaka.

Mlembiyo akanadandaula za mtengo ndikanawamvera. Boma la kuno limathandiza ndi mapaundi 7,500, komabe zotsalazo zinandiumitsa m'thumba. Ndipo ngati mazenera anu amalowetsa mphepo, yambani mwakonza amenewo.

Maluwa a mayi akunyumba anakwiririka m'matope tsiku lokumba. Mpaka lero akundikumbutsabe.

Wowerenga wanu,
Leeds